Sitima yanzeru ndi yomwe imafika, ngakhale isauluke

Sabata yatha, m'gulu lathu la WhatsApp la okonda sayansi, mtsikana wina wa Fomu 3 anaponyamo vidiyo ya sitima ya ku Japan yomwe ikathamanga kwambiri mawilo ake sagunda pansi. Imayandama pa mphamvu ya maginito. Pansi pa vidiyoyo analemba kuti, "Nanga ife tidzafika liti apa?" Wina anayankha ndi tinkhope toseka tokhatokha. Wina anati, "Ifetu ngakhale yoyenda pansiyo sitinaikwerepo."

Vidiyo ija si yabodza ayi. Sitimayo ndi ya mtundu wa maglev, ndipo mu 2015 pa njanji yoyeserera ku Japan inafika liwiro la makilomita 603 pa ola. Ku Shanghai, m'dziko la China, kuli ina yomwe yakhala ikunyamula anthu kupita ku bwalo la ndege kuyambira 2004. Nane ndikaziona ndimasirira. Koma funso la mnzathuyu ndakhala nalo masiku angapo, ndipo ndafika poganiza kuti likutilozera kolakwika. Maganizo anga ndi awa: kwa dziko ngati lathu, luso la sitima lomwe tiyenera kulithamangira lili mu zinthu zosagwira mtima pa vidiyo, monga wilo, buleki, ngalande ndi kachipangizo koyeza kutentha. Mukhoza kutsutsa, ndipo ndingakonde mutatero, koma tiyeni tiyambe taona fizikisi yake.

Chinsinsi chili pomwe wilo lagunda njanji

Munakankhapo wilibala yodzaza mchenga tayala litaphwa? Thukuta lake mukulidziwa. Tayala la labala likamagubuduka limaphwanyika pang'ono pansi kenako n'kubwerera, ndipo kupindika kumeneku kumadya mphamvu, yomwe imasanduka kutentha. N'chifukwa chake matayala a lole yomwe yachokera ku Mwanza amakhala otentha mukawakhudza. Wilo la sitima ndi lachitsulo ndipo limayenda pa chitsulo chinzake. Malo omwe ziwirizi zimakhudzana ndi aang'ono ngati kandalama kachitsulo, ndipo palibe chomwe chimapindika kwenikweni. Zotsatira zake n'zakuti kukoka tani imodzi pa njanji kumafuna mphamvu yochepa kangapo kuyerekeza ndi kukoka tani yomweyo pa msewu.

Pali chinanso. Mabogi amatsatizana pamzere umodzi, choncho mphepo yakutsogolo imalimbana kwambiri ndi mutu wa sitima, enawo n'kumabisala kumbuyo kwake, monga amachitira a mpikisano wa njinga. Malole 40 aliyense amang'amba mphepo yakeyake, aliyense ndi injini yake.

Bungwe loona za mphamvu padziko lonse la International Energy Agency linawerengera mu 2019 kuti sitima zimanyamula pafupifupi 8 peresenti ya maulendo a anthu ndi 7 peresenti ya katundu padziko lonse, koma zimagwiritsa ntchito 2 peresenti yokha ya mphamvu yonse yomwe imapita ku zamtengatenga. Onani manambalawo kawiri. Phindu lalikulu la sitima pa chilengedwe lilipo kale, ngakhale sitimayo ikhale yakale, yofuka utsi wa dizilo, yoyenda makilomita 50 pa ola. Katundu akangochoka pa msewu n'kupita pa njanji, mafuta otenthedwa pa thumba lililonse la feteleza atsika basi.

Liwiro ndiye limabwera ndi mtengo wake. M'kalasi munaphunzira kuti mphamvu ya chinthu choyenda ndi theka la kulemera kwake kuchulukitsa ndi liwiro kawiri. Mukawirikiza liwiro, mphamvuyo imakwera kanayi. Kukana kwa mphepo nakonso kumakwera chimodzimodzi. Ndiye sitima ya makilomita 600 pa ola, ngakhale ilibe mawilo okhuza pansi, imakhala pa nkhondo yoopsa ndi mpweya. Imafunanso njira yakeyake yatsopano, yoongoka, yomwe sitima wamba singayendepo, ndipo simungaikweze chimanga kapena simenti.

Ndisanapitirire, kanthu kena kokoma ka wilo la sitima komwe mungayese lero. Ambiri timaganiza kuti chomwe chimagwira sitima kuti isagwe pa njanji ndi kamlomo kamene kali m'mphepete mwa wilo. Kamlomoko ndi chitetezo chomaliza chabe. Wilo lenilenilo ndi lopendekeka, lonenepa chamkati, lochepa chakunja, ndipo mawilo awiri amalumikizidwa ndi chitsulo chimodzi moti amazungulira limodzi. Sitima ikatsetserekera kumanja, wilo lakumanja limayenda pa mbali yake yonenepa, lakumanzere pa mbali yochepa, ndiye lakumanja limadya mtunda wautali pa kuzungulira kumodzi n'kubweza sitimayo pakati. Tengani makapu awiri apulasitiki, muwamate kukamwa kwawo ndi selotepi, muwagubuduze pa timitengo tiwiri toongoka totsetsereka. Adzikonza okha mpaka pansi. Kenako amateni kumatako, muone mmene agwere msanga. Chiwongolero cha sitima n'chimenecho, chopanda kompyuta, chopanda batire.

Buleki yomwe imabweza magetsi

Apa ndi pomwe ine ndimasangalala kwambiri, ndiye mundilole ndikhalepo pang'ono.

Choyamba, dziwani kuti mitu ya sitima yomwe imakoka mabogi a malasha kudutsa ku Nkaya ndi ku Liwonde ndi yamagetsi kale, mwa njira ina. Injini ya dizilo yomwe ili m'kati mwake siizunguza mawilo. Imazunguza jenereta, jeneretayo imapanga magetsi, magetsiwo amapita ku mamota omwe ali pa mawilo. Tingati ndi kasiteshoni ka magetsi koyenda nako. Amapanga chonchi chifukwa mota yamagetsi imakoka mwamphamvu kuyambira pomwe yaima, osafuna magiya ngati a lole.

Tsopano kumbukirani dayinamo ya njinga, ija imakhuza tayala n'kuyatsa nyale. Mukaitsitsa pa tayala, kupalasa kumalemera. Chifukwa chake n'chakuti mota ndi jenereta ndi chinthu chimodzi chongotembenuzidwa: mukaipatsa magetsi imazungulira, mukaizunguza imatulutsa magetsi, ndipo potulutsa magetsiwo imakana kuzungulira. Kukanako ndi buleki. Sitima ikamatsika phiri, woyendetsa amasandutsa mamota aja kukhala majenereta, mawilo n'kumawazunguza, sitima n'kumachepetsa liwiro popanda kukhuza chitsulo chilichonse.

Funso ndi lakuti, magetsi opangidwawo apite kuti? Pa sitima ya dizilo alibe kolowera. Amawapititsa mu mawaya okhuthala omwe ali chakudenga kwa mutu wa sitima, mawayawo amatentha ngati a mbaula yamagetsi, zokupizira mphepo n'kuuluzira kutenthako kumwamba. Mphamvu yonse ija yatayika. Pa sitima yomwe imatenga magetsi ku waya wapamwamba, magetsiwo amabwezedwa mu waya womwewo kuti sitima ina iwagwiritse ntchito.

Chitsanzo chomwe ndimachikonda chili kumpoto kwenikweni kwa Ulaya. Ku Kiruna, m'dziko la Sweden, kuli mgodi waukulu wa miyala ya chitsulo. Sitima za mabogi 68, bogi lililonse litanyamula matani 100, zimachoka kumeneko kupita ku doko la Narvik ku Norway. Zikafika pamalire zimakhala pamtunda wa mamita oposa 500, ndipo kuchoka apo ndi kutsika kokhakokha mpaka kunyanja. Magetsi omwe sitima yodzaza imabweza potsika amakwanira kukweza sitima yopanda katundu kubwerera kumalireko. Phiri ndi lomwe likulipira ulendo.

Tiyeni tiwerengere zathu. Mphamvu ya chinthu chomwe chili pamwamba ndi kulemera kwake kuchulukitsa ndi 10, kuchulukitsanso ndi kutalika kwa pomwe chili. Limbe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, pomwe Nsanje ali pansi pa mamita 100. Tingoti kusiyana kwake ndi mamita 1,000 kuti masamu aphweke. Tani imodzi ndi makilogalamu 1,000. Ndiye 1,000 kuchulukitsa ndi 10, kuchulukitsa ndi 1,000, tipeza majulu 10 miliyoni. Yunitsi imodzi ya magetsi, ija timagula ija, ndi majulu 3.6 miliyoni. Choncho tani imodzi yotsika kuchoka ku Limbe kupita kuchigwa ili ndi mayunitsi pafupifupi 2.8. Sitima ya matani 1,000 ili ndi mayunitsi 2,800. Simungaitole yonse, ina imathera mu kukhuzana kwa zitsulo ndi mphepo, koma ngakhale mutatola theka, ndi magetsi oti nyumba yogwiritsa ntchito mayunitsi 100 pamwezi ingayatsire chaka chathunthu ndi miyezi iwiri. Ulendo umodzi wokha, eti.

Ndiye kodi tiyembekeze mpaka tidzaike mawaya pamwamba pa njanji yonse? Apa ndi pomwe mabatire alowera. Mu 2021 kampani ya Wabtec inayesa mutu wa sitima woyendera mabatire okhaokha ku California, pakati pa Barstow ndi Stockton. Anauika pakati pa mitu iwiri ya dizilo. Potsika, mabatire ankadzaza, pokwera ankathandiza kukoka, ndipo mafuta a sitima yonseyo anatsika ndi maperesenti oposa 11. Sanamange njanji yatsopano, sanaike waya. Kwa dziko lamapiri lomwe dontho lililonse la dizilo limagulidwa kunja ndi ndalama zakunja zomwe timazisowa, luso ili ndi lomwe ine ndingaliike patsogolo.

Za haidirojeni ndinene mwachidule, chifukwa wina m'gulu muja anaitchula. Mu 2018 ku Lower Saxony, m'dziko la Germany, kunayamba kuyenda sitima ya Coradia iLint, yomwe imaphatikiza haidirojeni ndi okosijeni n'kupanga magetsi, utsi wake kukhala nthunzi ya madzi basi. N'zokongola. Vuto lake ndi masamu. Kuti mupeze haidirojeni woyera mumagwiritsa ntchito magetsi kugawa madzi, kenako mumupanikize m'matanki, mumunyamule, mumusandutsenso magetsi. Pa sitepe iliyonse mphamvu imatayika, moti yomwe imafika ku mawilo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Batire limabweza yoposa kawiri pamenepo. Mu 2023 akuluakulu a zamaulendo a dera lomwelo analengeza kuti sitima zotsatira zomwe adzagule zidzakhala za mabatire chifukwa n'zotchipa kuyendetsa. Ngati eni ake abwerera m'mbuyo, ife tisathamangire.

Mdani wathu ndi madzi ndi dzuwa

Njanji inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Nsanje, komwe nthawi imeneyo kunkatchedwa Port Herald. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa, sitima n'kumafika ku Beira osawoloka pa bwato, ndipo chaka chomwecho njanji inafika ku Salima. Mu 1970 tinalumikizidwa ndi doko la Nacala kudzera ku Nayuchi. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 inafika ku Lilongwe, kenako ku Mchinji. Agogo athu ambiri anakwera sitima asanakwerepo basi.

Nanga chinaidula n'chiyani njira yakumwera? Nkhondo ya ku Mozambique inaitseka kaye, kenako mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji ku Chiromo. Kuyambira pamenepo Bangula ndi Nsanje anakhala odulidwa ku Limbe pa njanji kwa zaka zambirimbiri. Inu nomwe mukukumbukira zomwe namondwe Ana anachita mu 2022 ndi Freddy mu 2023, misewu ndi milatho kupita ngati mapepala. Pamene nyengo ikusintha, mvula yoopsa yotere izibwera kawirikawiri. Ndiye mukandifunsa kuti luso lofunika kwambiri pa njanji ya Malawi ndi liti, ndiyankha mosachita manyazi kuti ndi luso lodziwa komwe madzi adzadutse: kukula kwa makalavati, kutalika kwa milatho, miyala yoteteza nsanamira za mlatho kuti madzi asakumbe pansi pake. Sitima ya maglev itaikidwa pa mlatho wokumbika pansi idzagwera mu Shire chimodzimodzi.

Mawu akuti "yanzeru" amayamba kukhala ndi tanthauzo apa. Tengani Japan yemweyo. Chomwe ine ndimagoma nacho pa Shinkansen, yomwe inayamba kuyenda mu 1964, ndi makutu ake kuposa liwiro. Mu jogalafe munaphunzira kuti chivomezi chimatumiza mafunde a mitundu iwiri: a P, othamanga koma ofooka, ndi a S, ochedwa koma owononga. Anaika zipangizo m'mbali mwa njanji ndi m'mphepete mwa nyanja zomwe zikamva mafunde a P zimadula magetsi, sitima zonse za m'deralo n'kumanga mabuleki mafunde oopsa asanafike. Amapindula masekondi ochepa chabe, koma pa chivomezi chachikulu cha 2011 palibe wokwera Shinkansen yemwe anafa. Njanji za ku Japan zilinso ndi zoyezera mvula, moti mvula ikapitirira muyeso wina sitima zimachepetsa liwiro kapena kuima kumene.

Ganizirani nzeru yomweyo pa mtsinje wa Rivirivi kapena Linthipe. Kachipangizo koyeza kukwera kwa madzi pansi pa mlatho, kasola kakang'ono, batire, ndi simukhadi yotumiza uthenga kwa woyendetsa sitima ndi kwa oyang'anira. Zipangizo zake n'zofanana ndi zomwe ena mwa inu mumaseweretsa kale m'makalabu a sayansi. Chovuta sichikhala kulumikiza mawaya. Chovuta n'kupanga chinthu chopirira fumbi la Okutobala, chinyezi cha Febuluwale, chiswe, ndiponso manja a anthu okonda kutola mabatire a eni, n'kumagwirabe ntchito zaka zisanu popanda wochiyendera tsiku ndi tsiku. Ameneyo ndiye uinjiniya weniweni, ndipo wodziwa fumbi lathu ndi inu, osati wa ku Tokyo.

Dzuwa nalo ndi mdani. Chitsulo chikatentha chimafutukuka: kilomita imodzi ya njanji imatalika ndi mamilimita pafupifupi 12 pa digiri iliyonse. Kutentha kukakwera ndi madigiri 30, ndi masentimita 36. Njanji zakale ankasiya timipata pakati pa zidutswa, n'chifukwa chake sitima inkalira kuti kagada kagada. Zamakono amaziwotcherera kukhala chitsulo chimodzi chachitali, n'kuchimangirira mwamphamvu pa mitanda ya konkire kuti chisasunthe. Koma tizitsulo togwira njanji tikabedwa, kapena miyala ya pansi ikachepa, tsiku lotentha njanji imapindika ngati njoka. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumafika madigiri oposa 40, ndipo njanji yomwe ili padzuwa imatha kutentha ndi madigiri ena 20 kuposa mpweya. Ku Britain, m'malo ena ovuta amangoipaka penti yoyera kuti ibweze kuwala kwa dzuwa, ndipo imatsika ndi madigiri angapo. Penti, anzanga. Palibe amene angaponye vidiyo yake pa TikTok, koma imapulumutsa sitima.

Kachipangizo kena kofunika ndi koyeza kutentha kwa maberingi a mawilo. Amakaika m'mbali mwa njanji, ndipo sitima ikamadutsa kamayeza wilo lililonse pogwiritsa ntchito kuwala kosaoneka komwe chinthu chotentha chimatulutsa. Beringi ikauma girizi imatentha mpaka chitsulo kusungunuka. Ngozi ya ku East Palestine, ku Ohio m'dziko la America, mu Febuluwale 2023, pomwe sitima yonyamula mankhwala oopsa inagwa n'kuyaka, inayamba ndi beringi imodzi yotentha. Zoyezerazo zinalipo, koma chenjezo linafika mochedwa, ndipo pambuyo pake panabuka mkangano wa kutalikirana kwa zipangizozi ndi muyeso woyenera kuimitsira sitima. Phunziro la sayansi apa n'lakuti kuyeza kokha sikukwanira. Pafunika munthu woganiza bwino kuti nambala iti ikutanthauza "imani".

Zonena za otsutsa

Wina anena kuti, "Akulu, mukutiphunzitsa kukhutira ndi zochepa. Taonani Tanzania." Ndipo ali ndi mfundo. Mu 2024 Tanzania inatsegula njanji yatsopano yamagetsi kuchoka ku Dar es Salaam kupita ku Morogoro mpaka ku Dodoma, ya liwiro lofika makilomita 160 pa ola, ndipo ulendo womwe pa basi unkadya tsiku pano ndi wa maola anayi kapena kuchepera. Ethiopia ili ndi njanji yamagetsi yopita ku Djibouti. Morocco ili ndi Al Boraq, yomwe kuyambira 2018 imathamanga makilomita 320 pa ola. Zonsezi ndi mu Africa muno, ndiye nkhani yakuti sitingathe palibe.

Koma onani chomwe chili kuseri kwa sitima ya Tanzania: damu la Julius Nyerere pa mtsinje wa Rufiji, lopanga mamegawati 2,115. Ife magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 tinataya mamegawati pafupifupi 130 tsiku limodzi, ndipo mdima wake munauwerengera mayeso ndi tochi ya foni. Sitima yamagetsi magetsi akathima imaima pomwepo, kaya ndi pakati pa tchire. Ndiye amene akufuna sitima yamagetsi ayambe wafuna magetsi okwanira, ndipo minda ya sola ngati ya ku Salima ndi ya ku Golomoti, yomwe ilinso ndi mabatire, ndi gawo la nkhani ya sitima ngakhale ili kutali ndi siteshoni.

Enanso amati njanji yathu ndi yopapatiza, tiizule tiike yotakata. Yathu ndi ya mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo ziwirizo, pomwe ya Tanzania yatsopano ndi ya 1,435. Ine apa ndimakana ndithu. Muyeso wathuwu ndi womwewo wa Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa, kutanthauza kuti bogi lochokera ku Nacala likhoza kudutsa ku Mchinji mpaka ku Chipata osatsitsa katundu. Dziko lopanda nyanja lisamasewere ndi mwayi wotere. Komanso kupapatiza sikuletsa ntchito. Ku South Africa, pa njanji ya muyeso womwewu ya makilomita 861 kuchoka ku Sishen kupita ku Saldanha, amayendetsa sitima zamagetsi za mabogi 342. Ku Queensland, m'dziko la Australia, sitima ya anthu imathamanga makilomita 160 pa ola pa muyeso womwewu. Sitima zambiri wamba za ku Japan nazonso zimayenda pa 1,067. Chomwe chimachedwetsa sitima ndi njanji yokalamba, makhota akuthwa ndi miyala yosasamalidwa.

Pali chitsutso china chomwe chimandivuta, ndipo sindichibisa. Njanji yabwino kwambiri yomwe tili nayo, ija ya makilomita 912 yochokera ku Moatize kudutsa m'Malawi kupita ku Nacala, inamangidwa ndi kampani ya Vale kuti izinyamula malasha. Malasha ndi amodzi mwa magwero akuluakulu a mpweya wotenthetsa dziko, womwe ukukulitsa anamondwe omwe amatikokololera milatho. Ndiye kunena kuti sitima ndi yosamala chilengedwe uku ikukoka malasha, kumamveka ngati nthabwala. Yankho langa ndi lakuti njanji sisankha katundu. Malasha adzatha kapena ogula adzachepa, koma njira yosalazidwayo ndi milatho yake zidzatsala. Zomwe tidzakwezepo n'zomwe tiyenera kukangana lero. Mu 2024 sitima yonyamula mafuta a galimoto inafika ku Lilongwe kuchokera ku Nacala patapita zaka zambiri izi zisakuchitika. Aliyense amene anagonapo pa mzere wa mafuta, kapena kulipira minibasi mtengo wowirikiza chifukwa petulo wasowa, akudziwa kufunika kwake. Thanki iliyonse yobwera pa njanji ndi lole imodzi yocheperapo pa M1, maenje ocheperapo, ngozi zocheperapo pa mitsetse ya ku Ntcheu ndi ku Dedza.

Nanga madalaivala a malole adya chiyani? Funso labwino, ndipo ena mwa inu fizi yanu imachokera kumeneko. Sitima siifika pakhomo la munthu. Feteleza akatsika ku Kanengo kapena ku Balaka amafunabe lole yomufikitsa ku Ntchisi kapena ku Mangochi. Ntchito imasintha kukhala ya maulendo aafupi, ndipo ena adzapwetekadi pa kusinthako. Kunena kuti palibe amene adzadandaule kungakhale kunama.

Chinthu chimodzi chokha ndikupempheni, chochokera mu fizikisi yomweyi. Kuterera kwa chitsulo pa chitsulo, komwe kumapulumutsa mafuta, ndi komwenso kumachititsa kuti sitima isathe kuima msanga. Sitima yodzaza katundu, woyendetsa atamanga mabuleki onse, imatha kupitirira kilomita yathunthu isanaime, ndipo singakhote kukupewani. Inu a ku Balaka, Liwonde, Ndirande ndi kwina komwe njanji ndi njira yachidule yopitira kusukulu, chotsani zomvera m'makutu mukamawoloka, ndipo musayende pakati pa zitsulozo. Woyendetsa amakuonani, koma pa nthawi imeneyo masamu amakhala atamumanga kale manja.

Kwa mnzathu wa Fomu 3 uja, ntchito nayi ya tchuthi. Pezani mapu oonetsa kukwera ndi kutsika kwa malo, mutsate njanji kuchoka ku Limbe kudzera ku Lirangwe mpaka ku Nkaya, mulembe kutalika kwa malo pa siteshoni iliyonse. Kenako werengerani mayunitsi omwe sitima ya matani 1,000 ingabweze potsika, ndi omwe ingafune pobwerera ili yopanda katundu, titi matani 300. Mutiuze ngati phiri lathu lingalipire ulendo wobwerera ngati la ku Narvik, ndipo muonetse masamu anu onse, chifukwa m'gulu muja muli anthu a Fomu 4 omwe sakhulupirira yankho lopanda njira.